Kachilembo kamodzi kandiyambanitsa ndi a Dokotala

Aphunzitsi,

Ndine mlangizi wa zaulimi ku Ntcheu, ndipo ndikuchita maphunziro a digiri yachiwiri pa yunivesite ina m'dziko mommuno. Kafukufuku wanga ndi wofananiza zokolola za chimanga pakati pa alimi omwe amaphatikiza manyowa ndi feteleza, ndi omwe amathira feteleza yekha. Mutu wachinayi, momwe ndafotokoza zomwe ndinapeza m'minda, ndinaupereka kwa a Dokotala omwe akundiyang'anira, mayi odziwa ntchito yawo koma osaseka ndi munthu. Mapepala atabwerako anali psuu ndi bolopeni yofiira. Paliponse pomwe ndinalemba "the data shows" anadula "s" wakumapetoyo. Pomwe ndinalemba "this data is" anaikapo "these data are". M'mphepete mwa tsamba loyamba analemba kuti munthu wa digiri yachiwiri ayenera kudziwa kuti "data" ndi dzina la zinthu zambiri, ndipo kuti Chingerezi changa n'chamumsewu.

Ndinakonza zonse, ngakhale mtima unandiwawa. Chomwe chandisokoneza mutu n'chakuti mwezi womwewo ndinalemba lipoti la kuntchito lopita ku bungwe lomwe limathandiza alimi athu ndi mbewu. Poti ndinali nditadzudzulidwa kale, ndinalemba "the data are". Mayi wa ku Britain yemwe amakonza malipoti kubungweko anabweza zonse kukhala "the data is", n'kundiuza kuti zinazo zikumveka zachikale.

Mkwiyo utandigwira, ndinajambula tsamba la dikishonale pafoni, pomwe akuti zonse ziwiri n'zololedwa, n'kutumiza kwa a Dokotala pa WhatsApp ndi mawu akuti "Nanga apa?" Chitumizireni uthengawo sanandiyankhe, chikhalirecho mutu wachisanu ndinapereka kale. Anzanga akuti ndikadandaule kwa mkulu wa dipatimenti. Ndithandizeni, akulondola ndani? Nanga mawu amodzi okhawa afika bwanji pokanganitsa anthu ophunzira chonchi?

Mlangizi wothedwa nzeru, Ntcheu

Bambo Mlangizi,

Musapite kwa mkulu wa dipatimenti. Nkhani yanu ili pawiri: pali ya galamala, palinso ya uthenga wa pa WhatsApp uja. Ya galamalayo ndiyo yopepuka, choncho tiyambire pamenepo.

"The data shows" ndi "the data show" zonse ndi Chingerezi cholondola, chomwe amalemba anthu ophunzira ku Britain, ku America ndi kwina konse. A Dokotala anapyola malire potcha Chingerezi chanu chamumsewu, koma sanalakwe kudula "s" uja m'kafukufuku. Mayi wa kubungwe nayenso anakokomeza ponena kuti "are" ndi wachikale, koma sanalakwe kubwezera "is" mu lipoti loti awerenge anthu osiyanasiyana. Aliyense wa iwo akutsata mwambo wa kumene amalembera. Inu mwapanikizika chifukwa mukulembera konse kuwiri, ndipo palibe anakuuzani kuti miyambo yake ndi yosiyana.

Mawuwa kwawo si ku England. Ndi a Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale, chomwe chinatsalira m'masukulu ndi m'matchalitchi a ku Ulaya kwa zaka mazanamazana Aromawo atagwa. M'Chilatini muli mneni "dare", kutanthauza kupatsa. Chinthu chimodzi choperekedwa ndi "datum", zikachuluka ndi "data". Omwe anawakonda kwambiri mawuwa poyamba ndi anthu a masamu. Euclid, yemwe ankaphunzitsa ku Alexandria m'dziko la Egypt cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, analemba buku lotchedwa Dedomena m'Chigiriki, ndipo omasulira m'Chilatini analitcha Data. Mukukumbukira samu ya kusekondale ija, yomwe amakupatsani kutalika kwa mbali ziwiri za thirayango ya kona ya madigiri 90, n'kukuuzani kuti mupeze mbali yachitatu? Mbali ziwiri zomwe mwapatsidwazo ndizo "data" pa tanthauzo lake loyamba. Zinali zinthu zochepa, zowerengeka ndi zala, zomwe munthu amayambirapo kuganiza popanda kuzitsutsa.

M'Chingerezi mawuwa anayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1640, m'zolemba za abusa ndi anthu a sukulu omwe Chilatini anachiphunzira ali ana. Kwa iwo panalibe chokambirana, "data" zinali zambiri basi. Komabe pofika zaka za m'ma 1700 ena anali atayamba kale kuwalemba ngati dzina la chinthu chimodzi, kotero mkanganowu unayamba kalekale kompyuta isanabwere. Mu 1926, H. W. Fowler anatulutsa buku la malangizo a kalembedwe lotchedwa A Dictionary of Modern English Usage, lomwe aphunzitsi ndi akonzi a nyuzipepala analilemekeza kwa zaka zambiri. M'menemo anagamula kuti "data" ndi dzina la zinthu zambiri, ngakhale iye yemwe anavomereza kuti "datum" saoneka kawirikawiri. Lamulo lomwe a Dokotala akukuphunzitsanilo ndi limeneli, ndipo mosakayika nawonso analilandira ndi bolopeni yofiira kuchokera kwa amene ankawayang'anira.

Chomwe chinasintha zinthu ndi makina. Cha m'ma 1946 mawuwa anayamba kutanthauza uthenga womwe kompyuta imasunga ndi kutumiza, ndipo pofika 1954 anthu anali akunena za "data processing". Apa sitikunenanso mfundo ziwiri kapena zitatu za pa bolodi, koma manambala osawerengeka omwe palibe angawaone limodzilimodzi. Chinthu chotere anthu amachiyeza kuchuluka kwake, sachiwerenga. Lero mumachigula pafoni m'ma megabyte, ndipo chikatha mumati "data yanga yatha", osati "zatha". M'Chingerezi n'chimodzimodzi: wofuna kudziwa kukula kwa bandulo amafunsa "how much data", ndipo sindikhulupirira kuti a Dokotala, ataima pa kauntala yogulitsira mayunitsi, angafunse "how many data". Mawuwa analowa m'gulu la mayina monga "information", "advice", "furniture" ndi "rice", omwe sawerengedwa ndipo amayenda ndi "is".

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi womvetsa zimenezi msanga, chifukwa zili m'khitchini mwathu momwe. Timati "madzi atha", timatinso "ufa watha". Madzi ndi ufa zonse n'zoyeza, madzi ndi ndowa, ufa ndi mbale. Koma "madzi" amayenda ngati "mabuku" kapena "masamba", ngati kuti ndi ambiri, pomwe palibe munthu anaonapo "dzi" limodzi. "Ufa" umayenda ngati chinthu chimodzi, chikhalirecho ndi tinjere tosawerengeka. Maonekedwe a dzina satiuza momwe chinthucho chilili, amangotiuza chizolowezi cha eni chiyankhulo. "Data" m'Chingerezi cha lero ena amamuyendetsa ngati madzi, ena ngati ufa. Umboni wake ndi uwu: ngakhale amene amaumirira pa "data are" salemba "three data" kapena "forty data". Akafuna kuwerenga amati "three data points". Dzina lenileni la zinthu zambiri limalola nambala kutsogolo kwake, monga "three farmers" kapena "three criteria". Choncho ngakhale kwa iwo, "data" si dzina la zinthu zambiri monga mayina ena onse.

Wina angati, koma m'Chilatini ndi zambiri, nanga tisinthirenji? Yankho lake lili pa pepala lomwe mumalandira pa msonkhano uliwonse wa kuofesi. "Agenda" nayenso ndi Chilatini, ndipo ndi dzina la zinthu zambiri: "agendum" ndi chinthu chimodzi choyenera kuchitidwa, "agenda" ndi zoyenera kuchitidwa. Koma palibe wapampando amene amati "the agenda are long", ndipo Angerezi anafika pomuchulukitsanso kukhala "agendas". "Stamina", mphamvu yopirira ija amanena a mpira, ndi kuchulukitsa kwa "stamen". Chitsanzo chachikulu ndi Baibulo. M'Chigiriki "biblia" ndi mabuku, ambiri, koma Chilatini cha m'tchalitchi chinadzawatenga mawuwo ngati dzina la buku limodzi. Muli mabuku 66 m'Baibulo la Apulotesitanti ndi 73 m'la Akatolika, koma simunamvepo mbusa akulalikira kuti "the Bible are". Ndipotu m'Chilatini momwemo "data" ankatha kuimira chinthu chimodzi. Olemba makalata ankalemba kuti kalatayi "data", ndiye kuti yaperekedwa, ku Roma pa tsiku lakutilakuti, ndipo m'menemo ndimo munachokera "date" wa Chingerezi, deti yathu ija. Abale athu a ku Tete akaona "data" pa fomu ya Chipwitikizi amalembapo tsiku, pomwe zomwe inu mukusonkhanitsa m'minda amazitcha "dados".

Ifenso timachita zomwezo ndi mawu a Angerezi. "Socks" ndi zambiri kwa eni ake, koma ife timati "sokosi imodzi yasowa", n'kuchulukitsanso kukhala masokosi. Palibe mphunzitsi wa Chichewa amene angatidule malikisi chifukwa chakuti ku London amati "sock". Mawu akabwerekedwa amatsata malamulo a owabwereka, ndipo patapita mibadwo ingapo mbiri yawo siikhalanso woweruza wa momwe ayenera kuyendera.

"Datum" sanafe, koma anapeza ntchito ina, ndipo inu a zaulimi mumakumana naye. Mukamayeza kukula kwa munda ndi GPS, makinawo amagwiritsa ntchito poyambira kuyeza potchedwa WGS 84, pomwe mapu akale a dziko lino anajambulidwa potsata Arc 1950. Poyambira kuyeza pamenepo oyeza malo amapatcha "datum", ndipo pakakhala pawiri amati "datums", osati "data". Ndiye kuti m'Chingerezi cha ntchito mawu awiriwa anasiyana kale njira.

Tsopano tione zomwe akuluakulu a kalembedwe akunena masiku ano, popeza inu munangoona dikishonale imodzi. Nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain imauza atolankhani ake kuti "data" aziyenda ndi "is", monga "agenda". Kumeneko ndiko kwawo kwa Chingerezi cha mayi wa kubungwe uja. The Wall Street Journal ya ku America inalengeza mu 2012 kuti yayamba kulola njira zonse ziwiri. Mu 2019, buku la malangizo la Associated Press, lomwe atolankhani ambiri a ku America amatsata, linati polembera anthu wamba "data" aziyenda ndi "is", koma linanenanso poyera kuti m'zolemba za sayansi ndi za kuyunivesite "are" ndiye wokondedwa. Dikishonale ya American Heritage inali ndi gulu la alembi ndi akatswiri lomwe inkalifunsa maganizo pa mawu ovuta. Mu 2005, anthu 66 mwa 100 alionse m'gululo anavomereza chiganizo chokhala ndi "the data is", pomwe 92 mwa 100 anavomereza chiganizo chokhala ndi "very little data". Taonani pamenepo: ambiri mwa omwe anakana "is" anavomereza "very little", chikhalirecho "little" sayenda ndi mayina a zinthu zowerengeka. Khutu lawo linali litavomereza kale zomwe lamulo lawo linkakana.

Ngakhale maloya sanagwirizane. Pa 25 May 2018, malamulo awiri oteteza zinsinsi za anthu anayamba kugwira ntchito ku Britain tsiku limodzi. Lina ndi GDPR la European Union, lina ndi Data Protection Act 2018 la nyumba ya malamulo ya ku London. Onse awiri ali ndi ndime yonena kuti zolembedwa zolakwika za munthu zifufutidwe kapena zikonzedwe msanga. La European Union likuti "data that are inaccurate", la ku London likuti "data that is inaccurate". Ngati malamulo a dziko limodzi, a tsiku limodzi, onena chinthu chimodzi, angasiyane chonchi, palibe angakuuzeni kuti njira imodzi mwa ziwirizi ndi ya anthu osaphunzira.

Nanga bwanji ndikunena kuti a Dokotala sanalakwe kukukonzani? Chifukwa choyamba ndi cha malamulo a panyumba. Madipatimenti ambiri amauza ophunzira kuti atsate buku linalake la kalembedwe, ndipo lotchuka kwambiri ndi la American Psychological Association, lomwe timangoti APA. Kope lake lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019, ndipo mwambo wa APA ndi wakuti "data" ndi zambiri. Ngati mumatsata APA polemba mayina a mabuku kumapeto kwa kafukufuku, mpaka kusamala pomwe payenera kukhala koma ndi mpumiro, simungaikane pa "data". Chifukwa chachiwiri ndi cha omwe adzawerenge. Kafukufuku wanu adzapita kwa woyesa wa kunja, yemwe sakukudziwani ndipo simudzakhala pambali pake kuti mumuonetse dikishonale. Ambiri mwa oyesa otere anaphunzira lamulo lomwelo la Fowler. Akaona "this data is" pa tsamba loyamba, ena amayamba kuwerenga masamba otsalawo ndi diso lofufuza zolakwa. Olemba "are" m'kafukufuku palibe amawadzudzula, koma olemba "is" ena amawadzudzula. A Dokotala akukutsekerani mpata umenewo.

Chifukwa chachitatu ndicho chomwe ndikufuna muchiganizire bwino, chifukwa si cha mwambo chabe. Kumbukirani momwe munapezera manambala anuwo. Munafika pakhomo pa mlimi, munapachika sikelo pa nthambi ya mango, munakweza thumba, muvi unagwedera n'kuima, inu n'kulemba makilogalamu m'kope. Munapita pakhomo lina, kumene chimanga chinali chisanaume bwino, kotero kulemera kwake kunali konamiza. Pena mlimi anali atadyako kale chachiwisi, pena anagulitsako matumba awiri musanafike ndipo anangokuuzani pakamwa. Nambala iliyonse ili ndi mbiri yake, ina ndi yodalirika, ina ndi yokayikitsa, ndipo zina zikutsutsana. Wasayansi akamalemba "these data suggest", amadzikumbutsa kuti akunena za miyeso yambiri yomwe siilankhula ndi pakamwa pamodzi. "The data shows" amamveka ngati mboni imodzi yomwe yanena zomaliza. Pa kafukufuku ngati wanu, pomwe munda uliwonse munauyeza paokha, "are" akunena zoona zake za ntchito yomwe munagwira.

Ndiye chitani izi. Funsani ku ofesi ya dipatimenti buku la kalembedwe lomwe amatsata, ndipo m'kafukufuku yense, kuyambira mutu woyamba mpaka womaliza, "data" akhale zambiri. Musangosintha mneni yekha. Tsegulani fayilo pa kompyuta, dinani Ctrl ndi F, lembani "data", ndipo muyendere malo alionse omwe mawuwa akupezeka. "This" akhale "these", "was" akhale "were", "has" akhale "have", "it" akhale "they" kapena "them". "Much data" mumuchotse, chifukwa akutsutsana ndi "are". Cholakwa chenicheni, chomwe mbali zonse ziwiri zimadana nacho, ndi kusakaniza. Munthu amalemba "The data were collected in May", kenaka chiganizo chotsatira n'kuti "It was then entered into a computer". Pamenepo ndiye woyesa amadziwa kuti wolembayo wangoloweza lamulo osalimvetsa. Mapanga awiri avumbwitsa: m'chikalata chimodzi sankhani njira imodzi ndipo muyende nayo mpaka kumapeto.

Kuntchito tsatani za kuntchito. Lipoti la kubungwe, nkhani ya m'nyuzipepala, uthenga wa pa wailesi, zonsezi "the data is" alibe vuto, ndipo mkonzi wa kumeneko ndiye mwini bwalo. Simukhala wachinyengo polemba mosiyana malo awiri. Mumalankhula kale mosiyana ndi a mfumu pa msonkhano wa m'mudzi ndi anzanu a muofesi, ndipo palibe amakutchani wapawiri.

Pali njira inanso yomwe alembi abwino amadutsamo, ndipo kawirikawiri imakometsa chiganizo. Pomwe "data" akukuvutani, tchulani chinthucho ndi dzina lake. Ngati mukunena zokolola, lembani "the yields". Ngati ndi mayankho a alimi, "the responses". Ngati ndi manambala a m'tebulo, "the figures". Ngati ndi fayilo yonse pamodzi, "the dataset", yemwe ndi chinthu chimodzi mosakayikitsa ndipo amayenda ndi "is" kwa wina aliyense. Nthawi zambiri "the data show that" ndi mawu ongotalikitsa. M'malo molemba kuti manambala akuonetsa kuti minda ya manyowa inabereka kwambiri, ingolembani kuti minda ya manyowa inabereka kwambiri, n'kupereka makilogalamu ake pa hekitala. Mukatero mupeza kuti theka la malo okanganirana lachoka lokha.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Ufulu womwe "data" wapeza musaupereke kwa anzake onse. "Criteria", "phenomena" ndi "bacteria" akadali mayina a zinthu zambiri m'Chingerezi cholembedwa mosamala, chifukwa "criterion", "phenomenon" ndi "bacterium" akadali amoyo ndipo anthu amawagwiritsa ntchito. Mukalemba "the main criteria is" woyesa adzadula, ndipo apo sindidzakuikirani kumbuyo. "Media" ali panjira yomweyo ya "data", ena amati "is" ena "are", koma m'kafukufuku musungeni ngati zambiri. Ndipo "datas" kapena "a data" musalembe paliponse, kaya kusukulu kaya kuntchito.

Tibwere ku nkhani yachiwiri. "Nanga apa?" ndi mawu omwe mungauze mnzanu pa bawo mutamudya nkhomo. Munawatumiza kwa munthu wamkulu pa ntchito yake, yemwe anakhala pansi n'kuwerenga mutu wanu mzere ndi mzere. Kufiira kwa mapepala aja ndi umboni wakuti anawerengadi, ndipo ophunzira ambiri amalira chifukwa owayang'anira sawerenga n'komwe. N'zoona kuti mawu akuti "chamumsewu" anali olasa, ndipo sanali oona. Munali ndi ufulu wokhumudwa. Koma dikishonale yojambula pafoni, yotumizidwa popanda moni, siinanene kuti "ndithandizeni kumvetsa". Inanena kuti "ndakugwirani". Pa chikhalidwe chathu, ngakhale wamkulu atalakwitsa poyera, pali njira yomuuzira yomwe imamusiyira malo oti abwerere popanda manyazi. Inu simunawasiyire malowo.

Musafulumirenso kuganiza kuti kukhala chete kwawo ndi chilango. Aphunzitsi a m'mayunivesite athu amayang'anira ophunzira ambiri nthawi imodzi, kwinaku akuphunzitsa ndi kuchonga mayeso. Mwina akwiya, mwina mutu wanu wachisanu uli pansi pa mulu wa mapepala ena. Njira yodziwira ndi imodzi: pitani nokha ku ofesi yawo, osati pafoni. Musanapite, yenderaninso mutu wachisanuwo monga ndafotokozera, chifukwa mwina muli "this data" wina yemwe anakupulumukani, ndipo musindikize kope latsopano. Mukafika, mawu ake asachuluke: "Pepani a Dokotala, uthenga uja ndinaulemba mtima uli m'mwamba, sunali woyenera. Mutu wachinayi ndakonza monga munanenera, ndipo wachisanu ndauyenderanso, ndi uwu." Za dikishonale musazitchule. Za The Guardian ndi za malamulo a ku Britain zomwe ndakuuzanizi musungire tsiku lina, mutavala kale gauni, pomwe mungadzacheze nawo ngati anthu a ntchito imodzi. Mukupepesa chifukwa cha kalankhulidwe, osati chifukwa chakuti mfundo yanu inali yabodza, ndipo kupepesa kotere sikukuchotserani kanthu.

Kwa mkulu wa dipatimenti kuli nthawi yake. Ngati mwapita, mwapepesa, mwalemba kalata yaulemu yokumbutsa, koma nthawi yomwe malamulo a yunivesite amapereka kuti woyang'anira abweze ntchito yadutsa kwambiri, pamenepo mungakadandaule, ndipo dandaulo lake lidzakhala la kuchedwa, osati la galamala. Mukapita lero, mkuluyo adzamva kuti wophunzira akukana kukonzedwa Chingerezi, ndipo mbiri imeneyo idzakutsogolerani mpaka tsiku lokateteza kafukufuku.

Mphamvu zotsutsa muzisungire zinthu zomwe zingasinthe zotsatira. Wina aliyense, kaya ndi a Dokotala kaya ndi a kubungwe lopereka mbewu lija, akadzakuuzani kuti muchotse alimi omwe zokolola zawo zikusokoneza chithunzi chokongola, kapena kuti mukweze pang'ono manambala a minda ya manyowa kuti thandizo lipitirire, pamenepo mudzaime nji, ngakhale digiri itachedwa. Alimi a ku Ntcheu adzathira kapena kusiya manyowa potengera zomwe inu mudzalembe, ndipo kwa iwo kulondola kwa makilogalamu ndiko kofunika. M'kafukufuku lembani "are", mu lipoti la kuntchito lembani "is", ndipo mukaonane ndi a Dokotala sabata ino isanathe.

Aphunzitsi